Alendo akungodutsa pa Kalomwe: tingapindule chiyani, tingataye chiyani?

Tsiku lina mukapita ku chipata cha Kalomwe, muimepo pang'ono n'kuyang'ana magalimoto. Ambiri ndi malole a katundu olowera ku Dedza ndi ku Lilongwe. Palinso machapa, njinga zamoto, ndi amayi osenza mbatata ndi kabichi. Koma mwa apo ndi apo pamafika galimoto yachilendo, yaitali miyendo, ya tenti padenga. Eni ake amatsika ndi mapasipoti, amadinditsa, mwina amagula nthochi zingapo, basi ulendo. Amenewo ndi alendo oona malo. Patsamba la Chipwitikizi lili pambalipa muwapeza ndi dzina loti turistas, ndipo ntchito yowalandira ndi turismo. Ife timati zokopa alendo.

Anthu amenewa amachokera ku Tete, ena ku Zimbabwe kapena ku Joni. Amakhala akuthamangira ku nyanja ya Malawi. Pa Ulónguè amadutsa osagona. Mapiri athu amangowaonera pawindo. Ndalama zawo zimakadyedwa kwina.

Boma likufuna kuti alendo otere achuluke. Kuyambira pa 1 Maio 2023, nzika za mayiko 29 zimalowa m'dziko muno kudzaona malo popanda viza. Mu Julho 2025, bungwe la UNESCO linaika Parque Nacional de Maputo pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse lapansi. Pamsonkhano womwewo linaikaponso phiri la Mulanje la ku Malawi. Pa wailesi nkhani zotere zimamveka ngati chikondwerero chokhachokha. Koma inu amene mumalima ku Kalomwe muli ndi ufulu wofunsa mafunso atatu. Ndalama za alendo zimafika kwa yani? Malo amene alendo amakonda amakhalabe a yani? Nanga ife eni dziko, tingathe kukawaona malowo?

Zimene zinachitika ku Bawa

Kuno ku Angónia kulibe paki ya boma. M'chigawo cha Tete paki ndi imodzi, Parque Nacional de Mágoè. Inakhazikitsidwa mu 2013 kumwera kwa nyanja ya Cahora Bassa, ndipo kukula kwake ndi mahekitala oposa 350,000. Kuli njovu, mvuu ndi ng'ona. Imayang'aniridwa ndi ANAC, nthambi ya boma yoona za malo otetezedwa. Koma nkhani ya kumeneko inayamba paki isanabwere, ndipo ndi imene tiyenera kuimvetsa bwino.

Nkhondo itatha mu 1992, anthu a ku Bawa, kufupi ndi pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, sankamvana ndi kampani ya alenje achilendo. Kampaniyo inali ndi chilolezo cha boma. Mlendo wolemera ankalipira ndalama zambiri, n'kuwombera njati kapena njovu, n'kutenga nyanga kupita nazo kwawo. Mwini mudzi akatchera msampha kuti apeze ndiwo, ankatengedwa ngati wakuba. Nyama yomweyo, tchire lomwelo.

Mu 1994 kunayamba pulogalamu yotchedwa Tchuma Tchato. Dzinali silifuna womasulira. Ndi "chuma chathu" m'kalankhulidwe ka anthu a m'mbali mwa Zambezi. Inali yoyamba ya mtunduwu m'Moçambique. Nzeru yake inali yapafupi: ngati nyama zikubweretsa ndalama, amene amakhala ndi nyamazo alandireko, ndipo adzazisamala. Mu 1995 boma linavomereza kagawidwe kake. Pa 100 meticais iliyonse ya msonkho wa alenje, 33 ipite kwa anthu a m'midzi, 32 ku boma la distrito, 35 ku boma lalikulu.

Ndalama zinafikadi. Midzi ina inagula zigayo. Anyamata ena anapeza ntchito yolondera nyama. Kwa nthawi yoyamba anthu wamba anakhala pansi ndi akuluakulu a boma kukambirana za tchire lawo. Koma mavuto sanasowe. Ndalama zimayamba zapita ku boma, n'kubwerera mochedwa. Zikagawidwa m'midzi yambiri zimachepa. Ndipo njovu sidziwa kuti yasanduka chuma. Ikalowa m'munda usiku umodzi, chakudya cha chaka chonse chatha. Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu: chigayo ndi cha mudzi wonse, koma munda wowonongekawo ndi wa banja limodzi. Mayi amene wagonera kudimba ndi zitini zoopsezera njovu sangakhute ndi mawu oti "chuma chathu".

Kenako mu 2013 gawo lina la dera la Tchuma Tchato linasanduka paki. M'paki ya boma lamulo sililola ulenje. Choncho m'gawo limenelo ndalama ziyenera kuchokera kwa alendo ongoona ndi kujambula. Alendo otere amafuna msewu wabwino, pogona pabwino, ndi nyama zooneka pafupi. Zimenezi zimatenga zaka ndi ndalama zambiri. Chilango ndicho sichichedwa. Lamulo la malo otetezedwa la 2014, litakonzedwa mu 2017, limati wopha nyama yotetezedwa akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 16.

Musandimve ngati ndikunena kuti kuteteza nyama n'kulakwa. Kalembera wa 2014 anaonetsa kuti m'zaka zisanu zokha dziko lino linataya pafupifupi theka la njovu zake, kuchoka pa 20,000 kufika cha m'ma 10,300. Anazipha ndi anthu ofuna minyanga yogulitsa kunja, osati anthu ofuna ndiwo. Popanda chitetezo, adzukulu athu adzangomva dzina. Chimene ndikunena n'chakuti ziletso zimabwera ndi galimoto, phindu limabwera wapansi. Mudzi uliwonse umene ukuuzidwa za zokopa alendo uyenera kudziwiratu zimenezi.

Makumi awiri pa zana

Mwina munamvapo pa msonkhano mawu oti vinte por cento. Tanthauzo lake ndi ili. Boma likalandira msonkho kuchokera kwa odula mitengo kapena ogwiritsa ntchito nyama zakutchire m'dera lanu, 20 pa 100 iliyonse ndi ya anthu a m'deralo. Tiyerekeze kuti msonkho ndi 100,000 meticais. Ndiye kuti 20,000 ndi yanu. Mapaki nawonso amayenera kugawa gawo la ndalama za alendo kwa midzi yowazungulira. Si mphatso ya administrador. Si chifundo cha kampani. Ndi lamulo.

Koma ndalamazo sizibwera m'thumba la mfumu. Chikalata cha boma cha 2005, chotchedwa Diploma Ministerial 93/2005, chimafuna kuti mudzi ukhale ndi komiti yosankhidwa, ya amuna ndi akazi, yolembetsedwa ku boma, ndiponso akaunti ku banki. Popanda zimenezi ndalama zimangokhala ku boma. Zikalowa m'akaunti, amene amazitulutsa ndi anthu ochepa osayinira. Kawirikawiri amasankhidwa amene ali ndi chitupa cha BI ndipo amadziwa kulemba. Amayi ambiri amatsalira pomwepa. Osayinira akakhala okhulupirika, sukulu imafoleredwa malata. Akakhala a dyera, mudzi umangomva kuti "ndalama zinali zochepa".

Inu amene mukuphunzira kuwerenga muli wamkulu kale, apa ndi pamene cholembera chanu chimagwira ntchito. Banki imapereka pepala lotchedwa extracto. Limaonetsa tsiku limene ndalama zinalowa, kuchuluka kwake, ndi tsiku limene zinatuluka. Membala aliyense wa mudzi angapemphe kuti pepalalo liwerengedwe pa bwalo. Ngati mumatha kuwerenga manambala pa thumba la feteleza, extracto simungalephere.

Tsidya lino ndi tsidya ilo

Mukangodumpha chipata cha Kalomwe mwafika ku Dedza. Kumpoto kwa tauniyo kuli mapiri a Chongoni. M'mapanga ake muli zojambula zakale pa malo 127. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, anthu amene ankakhala kuno makolo athu asanafike. Zoyera zinajambulidwa ndi Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi nyau. UNESCO inaika Chongoni pa mndandanda wake mu 2006. Malo odziwika kwambiri ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Papita zaka pafupifupi makumi awiri. Kodi midzi ya ku Chongoni inalemera? Aliyense amene ali ndi abale kumeneko akudziwa kuti anthu akudalirabe khasu. Alendo amafika, koma si chinamtindi. Ena amapeza kangachepe powaperekeza ku mapanga. Ndipo m'mapanga ena anthu analembamo mayina awo ndi makala pamwamba pa zojambula zakalezo. Dzina lalikulu lochokera kunja silisamala phanga. Amasamala ndi anthu okhala pafupi, akaona chifukwa chake.

Amene anajambula ku Chongoni sankadziwa malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891. Zojambula za mtundu womwewo zilinso kuno ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia. Gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ndi wa mayiko atatu: Malawi, Moçambique ndi Zambia. Ngati m'phiri la kwanu muli phanga la zojambula, musalole ana aziwotchamo moto posaka mbewa. Utsi umafafaniza zimene zakhala zaka mazana.

Akabwera wofuna phiri

Nanga kuno tili ndi chiyani choti mlendo aimire? Tili ndi phiri la Domwe, lotalika mamita 2,095, kumene Angoni a kwa Maseko anakhazikika zaka za m'ma 1800. Tili ndi ngoma ndi gule. Tili ndi mishoni yakale ya Lifidzi. Tili ndi mphepo yozizira imene munthu wotopa ndi kutentha kwa mzinda wa Tete amailakalaka. Njovu tilibe, ndipo mitengo yachilengedwe yatsala yochepa. Mukayang'ana bwino, nkhalango zambiri zimene zatsala zili kumanda ndi m'mapiri. Zinatsala chifukwa cha mwambo, osati chifukwa cha mlonda wa mfuti.

Lamulo la 2014 lija limalola mudzi kukhala ndi malo ake otetezedwa, otchedwa área de conservação comunitária. Malowo amakhalabe m'manja mwa mudzi. Ngati munthu wa ndalama akufuna kumangapo nyumba ya alendo, ayenera kugwirizana ndi eni ake. Zoterezi zinachitikapo kale m'dziko muno. Ku nkhalango ya Moribane, m'chigawo cha Manica, kuli malo ogona alendo otchedwa Ndzou Camp. Ndzou ndi njovu m'chilankhulo cha kumeneko. Anthu a m'deralo, kudzera m'bungwe lawo, ali ndi gawo la umwini wa malowo. Si antchito chabe ochapa mbale. Kusiyana kwake n'kwakukulu: wantchito amachotsedwa, mwini amakhala pa msonkhano wogawa phindu.

Tsiku lina munthu wa galimoto yabwino angafike kwa mfumu n'kunena kuti akufuna mbali ina ya phiri. Adzalonjeza ntchito, mjigo, mwina chipatala. Lamulo la malo la 1997 limati dziko ndi la boma, koma mudzi umene wakhala pamalo mwa mwambo uli ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, wotchedwa DUAT, ngakhale ulibe pepala. Munthu wakunja asanapatsidwe malo, payenera kuchitika consulta comunitária, msonkhano wofunsa anthu. Zokambirana zimalembedwa pa pepala lotchedwa acta, ndipo anthu amasayina.

Pepala limeneli ndi lofunika kuposa nyama ndi zakumwa za tsikulo. Lonjezo limene silinalembedwe mu acta ndi lovuta kulitsatira pambuyo pake. Acta imalembedwa m'Chipwitikizi. Pemphani kuti iwerengedwe mokweza, ndi kumasuliridwa m'Chichewa, chiganizo ndi chiganizo, musanadinde chala. Funsani kuti mpanda udzadutsa pati. Kodi amayi adzapitirira kutola nkhuni ndi bowa? Ng'ombe zidzamwera kuti? Njira ya kumanda idzatsekedwa? Nyumba ya alendo imafuna madzi ambiri osamba ndi ochapira. Kodi adzachokera pa kasupe yemweyo amene amathirira madimba a mbatata m'chilimwe? Ntchito zolonjezedwazo ndi zingati, za miyezi ingati pa chaka? Mukaona kuti mayankho akuzungulira, muli ndi ufulu wonena kuti tikumanenso tsiku lina. Ndipo mudzi usunge kope lake la acta.

Pali chinanso chimene sichili m'lamulo lililonse. Mlendo wa kamera amafuna kuona zonse. Akaona gule pabwalo, amafuna kulowa kudambwe. Akamva za chinamwali, amafuna kujambula m'tsimba. Chithunzi chikalowa pa Facebook sichibwereranso. Akuluakulu a mwambo, amuna ndi anamkungwi omwe, ayenera kugamula okha zimene mlendo angaone ndi zimene sangaone. Agamule ndalama zisanaonekere. Mnyamata wosowa sopo akapatsidwa 500 meticais pamanja, kukana kumavuta.

Ndani angalowe?

Akuluakulu a zokopa alendo amakonda mawu oti turismo acessível, kutanthauza kuti malo akhale ofikirika kwa aliyense. Tiyeni tiwayese mawuwa ndi moyo wathu.

M'mapaki a boma, nzika ya Moçambique imalipira ndalama zochepa pachipata kuposa mlendo wakunja. Izi n'zabwino. Koma chipata si chimene chimatiletsa. Kuchoka ku Kalomwe kupita ku Mágoè muyenera kukwera chapa mpaka ku Ulónguè, ina mpaka ku Tete, inanso kulowera ku Chitima, n'kupitirira. Mukafika, m'paki simuyenda wapansi ngati kumunda. Mufunika galimoto ndi woperekeza. Mlimi ndani angagulitse matumba a chimanga kuti akaone mvuu? Zotsatira zake n'zakuti mwana wa ku Germany amaona njovu ya ku Tete ndi maso, mwana wa ku Tete amaiona m'buku la sukulu. Ku Gorongosa, m'chigawo cha Sofala, oyang'anira paki amatenga ana a sukulu ndi atsogoleri a midzi yozungulira kukawaonetsa nyama. Zimene zatheka kumeneko tingazifunsenso kuno. Galimoto imodzi pa chaka yotenga ana a sukulu za distrito si chinthu chosatheka.

Chilankhulo nachonso ndi chipata. Zikwangwani za m'malo otere zimalembedwa m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi. Agogo amene amadziwa dzina la mtengo uliwonse ndi mankhwala ake amafika pamalopo ngati mbuli. Kulemba chikwangwani m'Chichewa kapena m'Chinyungwe sikudya ndalama zambiri kuposa kuchilemba m'Chingerezi.

Ndiye pali abale athu olumala. M'midzi mwathu muli anthu oyenda ndi ndodo kapena njinga ya olumala, ena chibadwire, ena chifukwa cha nkhondo ndi mabomba okwirira. Pali osaona, osamva, ndi okalamba. Kuyambira mu 2008 pali lamulo la boma, Decreto 53/2008, lonena kuti nyumba zofikako anthu onse zimangidwe moti wolumala athe kulowa. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza ufulu wa anthu olumala. Palibe amene anganene kuti tisalaze phiri la Domwe kuti njinga ikafike pansonga. Koma khomo lalikulu bwino, potsetsereka m'malo mwa masitepe, chimbudzi cholowa njinga, benchi pamthunzi pomwe phiri limaonekera bwino, izi ndi za simenti yochepa ngati zaganiziridwa pomanga. Zimadula zikaiwalika. Ndipo wolumala asamangoganiziridwa ngati mlendo. Angakhale wolandira ndalama pachipata, wosunga kaundula, kapena wofotokoza mbiri ya Angoni kuposa wina aliyense m'mudzimo.

Khasu lisatayidwe

Akulu anati mlendo ndi mame. Pa nkhani iyi mawuwa ndi oona kwenikweni. Mu 2020 matenda a Covid-19 atatseka malire, malo ogona alendo anakhala opanda munthu, antchito n'kubwerera kumudzi. Zipolowe zimene zinatsatira chisankho cha Outubro 2024 zinachititsa alendo ambiri kusintha maulendo awo. Mu Abril 2025 zigawenga zinaukira misasa ina m'nkhalango yotetezedwa ya Niassa, ntchito n'kuima. Mlendo akamva mbiri yoipa pa foni yake, amangopita dziko lina. Mlimi wa mbatata amakhala ndi msika ngakhale chaka choipa, chifukwa anthu saleka kudya.

Choncho kwa banja la ku Kalomwe, zokopa alendo zikhale ngati nkhuku za pakhomo, osati nkhokwe. Phindu lake lenileni nthawi zambiri silikhala pachipata. Limakhala pa zimene nyumba ya alendo imagula: mazira, tomato, nyemba, mapichesi, uchi, mphasa, miphika. Ngati mwini nyumbayo akukagula zonsezi ku sitolo ya ku Tete kapena ku Lilongwe, mudzi umangotsala ndi mabotolo apulasitiki. Zimenezinso zingalembedwe mu acta: kuti ndiwo ndi zipatso zizigulidwa kwa alimi a m'deralo.

Ku Ulónguè kuli ofesi ya SDAE, imene imaona za ulimi, nkhalango ndi malonda m'distrito. Kumeneko, kapena kwa chefe da localidade, mungafunse ngati dera lanu lili ndi komiti yolembetsedwa yoyang'anira zachilengedwe, mayina a osayinira ake, ndi chaka chimene ndalama za vinte por cento zinalowa komaliza. Mungafunsenso ngati malire a malo a mudzi wanu anayezedwa ndi kulembedwa, zimene amati delimitação, ndiponso ngati pali munthu amene wapempha DUAT m'phiri kapena m'dambo lanu. Musapite nokha. Pitani awiri kapena atatu a m'kalasi mwanu, mmodzi akhale mayi. Tengani kope ndi cholembera. Lembani tsiku, dzina la amene wakuyankhani, ndi zimene wanena. Mukabwerera, kawerengeni zimene mwalembazo pamaso pa mfumu ndi anthu.